Zikhomo Zinakhomedwa Pachulu

Zomba,
14 Julayi, 1987.

Kwa mlongo wanga Eveles,

Kodi Fanuel Kamtedza akadali moyo? Ndayamba ndi iyeyo chifukwa ndi amene wandigwiritsa cholembera lero. Mundikhululukire, moni ndiye uyu. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga a Mose? Bondo lija linaphwa? Ine kuno ndilipo, koma miyendo ikutupa, ndipo ndikamakwera kamtunda kochokera kumsika ndimapuma katatu. Kuchipatala anandimvetsera pachifuwa nati mtima watopa. Kuzizira kwa kuno sikwa munthu wobadwira kunyanja.

Kalatayi ndapatsira mayi Janet, aja amadzagula usipa ku Chipoka. Sindinaiponye kupositi. Akuwerengereni mwana wanu Enifa yekha, pasakhale wina.

Nkhani ya 1974 mukuidziwa, koma ndiibwereza kuti Enifa aimve bwino, poti anali wamng'ono. Ndinali ndi puloti yanga kusikimu ya mpunga. Kukolola kutayandikira kunabwera Fanuel, mwana wa kutsidya kwa dambo, amene anangokhoza JC nalembedwa ntchito ya kalembera wa zaulimi. Ananyamula chingwe, zikhomo zinayi, sikelo yolendewera ndi kabuku kodzaza manambala. Anandifotokozera ngati akulankhula ndi mwana wa Sitandade 1. Ati sangadule munda wonse, adula kabwalo kakang'ono, ayeza mpunga wake, kenako achulukitsa kuti adziwe za munda wonse. Ati malo a kabwaloko sasankha iye, amasankha ndi manambala a m'kabuku, kuti pasakhale kukondera. Anatsegula kabukuko, manambala nati mapazi makumi atatu ndi limodzi kutsata malire, asanu ndi anayi kulowa mkati. Ndinawerenga naye limodzi. Sitandade 3 yanga imafika pamenepo.

Mapazi asanu ndi anayiwo ankagwera m'thope, pamene mpunga wanga wa Faya unali utawerama ndi kulemera. Fanuel anayang'ana thopelo, anayang'ana nsapato zake zatsopano, nandifunsa ngati muli misundu. Ndinati ilimo, koma sinaphepo munthu. Basi anangotsata malire mpaka pangodya, paja panali chulu chimene tinachigumula koma madzi sankakwerapo. Mpunga wa pamenepo unali wofika m'bondo, ngala zake zopanda kanthu. Zikhomo anakhoma pamenepo. Nditadandaula anati paliponse ndi chimodzimodzi, ndisavutike, mapepala amene amalembamo zotsatira sawerenga munthu wa kwathu, amapita kulikulu kukasakanizidwa ndi ena mazanamazana. Ati ngakhale dzina langa silidzaoneka, ndine nambala 47 basi.

Patatha miyezi iwiri komiti ya sikimu inawerenga pepala lomwelo pamsonkhano: matumba anayi papuloti yonse. Ine ndinakolola khumi ndi atatu, inu munapeta nawo. Ndinati tiyeni mukawerenge matumba kunyumba. Anati matumba munthu amabwereka kwa abale, koma sikelo ya boma ilibe mbale. Wachipani anali pomwepo akundiyang'ana, ndipo mukudziwa kuti munthu wotsutsa pepala amafunsidwa kuti akutsutsa yani. Fanuel anakhala kumbuyo akutsegula ndi kutseka cholembera chake. Puloti anandilanda ngati mlimi waulesi. Kumowa ananditcha Matumba Anayi. Malemu Salome mkazi wanga ankadikira kuti amayi onse achoke pachitsime kuti akatunge yekha, mpaka tsiku limene anagona osadzukanso. Ndiye ndinabwera kuno kudzathirira maluwa a anthu.

Tsopano imvani zimene zachitika. Bwana amene ndimawasamalira pabwalo, a Christopher, amaphunzitsa zachuma kusukulu yaukachenjede. Ndi munthu wopanda nkhanza, koma khasu sanaligwirepo, mpunga amaudziwira m'mbale. Sabata yatha anakhala pakhonde ndi mapepala ataliatali otuluka m'makina owerengera, aja a mabowo m'mbali. Anandifunsa kwathu. Nditati ku Salima anasangalala, ati akufufuza za mpunga wa kwathu komweko pogwiritsa ntchito manambala akale a 1974. Ati amathira m'makinamo feteleza, kukula kwa munda, anthu a pakhomo ndi makalasi amene mlimi anaphunzira, makinawo n'kuwauza chimene chimachulukitsa zokolola. Ndinafunsa kuti makina awauza chiyani. Ati awauza kuti feteleza ndi madzi zimathandiza kwambiri. Mlongo wanga, munthu anakhala zaka zisanu kunja kwa dziko kuti adzamve zimenezo kwa makina! Akanandifunsa ndili chiimire ndi kheni yanga yothirira, akanapulumutsa magetsi.

Kenako anandionetsa pepala la timadontho. Ati kadontho kalikonse ndi mlimi mmodzi, ndipo pakati pake anadutsitsa mzere wokwera. Pansi penipeni panali kadontho kamodzi kokhakokha, atakazunguliza ndi inki yofiira. Ati ameneyu akuwaonongera mzere. Munthu wothira matumba awiri a feteleza, wa anthu asanu ndi mmodzi pakhomo, sangakolole zochepa chotero. Ati pali wina analakwitsa poyeza, choncho amuchotsamo. Ndinafunsa nambala yake. Anatsata ndi chala pamapepala aja nati 47, wa Sitandade 3.

Ndinakhala pansi pasitepe osauzidwa. Ndinawauza kuti kadontho kameneko kakhala kakuwathirira maluwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinafotokoza zonse, za thope, za misundu, za chulu. Anaseka mpaka kuvula magalasi, osati mondinyoza, koma ngati msodzi amene wakola kampango mosayembekezera. Ati zimenezi adzazilemba m'munsi mwa tsamba m'timalemba ting'onoting'ono, kuti anzawo akunja aone mmene akalembera ankazembera thope. Ndipo anawonjezera mawu amene sakundichoka m'mutu. Ati kabwalo kamodzi, ngakhale katakhomedwa pamalo oyenera, sikangaweruze munda wa munthu mmodzi. Kamanena zoona pokhapokha ukaphatikiza timabwalo mazana. Ati aliyense wophunzira ntchitoyi amauzidwa zimenezo chaka choyamba.

Ndiye kuti ankadziwa. Onse a zingwe ndi masikelo ankadziwa kuti pepala lija silinali loweruzira munthu, koma palibe anatsegula pakamwa.

Taonani anthu ake. Woyamba anaopa thope nandikhoma pachulu. Wachiwiri wapeza yekha kuti panali bodza, ndipo mankhwala ake ndi kundifufuta kuti mzere wake uwongoke. Pakati pa awiriwa padutsa zaka khumi ndi zitatu, ndipo palibe anakwera basi kudzafunsa kuti 47 ameneyu anadya chiyani chaka chotsatira. Amatiwerenga ngati mbuzi za padibi, mbuzi ikatsimphina n'kuichotsa m'kaundula kuti gulu lioneke lonenepa. Ndinawapempha a Christopher kuti andilembere kalata yopita kukomiti. Anavala magalasi aja nati imeneyo ndi nkhani ya maofesi ena, masiku ano munthu amasamala zimene asaina. Anangondipatsa pepala la timadontho lija, ati alinso ndi lina. Ndaliika mu envulopu momwemu, koma sindikudzinamiza. Ndani kumudziko angaweruze mlandu ndi kadontho?

Ndikanakhala ndekha ndikanangofa nazo. Koma munandilembera kuti mwana wanga Chisoni anapempha puloti chaka chatha, anthu a komiti namuyankha kuti magazi a bambo ake amadziwika. Mnyamata amene amalima maganyu m'mapuloti a anzake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, lero ali ndi mkazi ndi ana awiri, akumutchula mbewu ya alesi chifukwa munthu wina anadana ndi misundu. Mu Okutobala agawanso mapuloti. Akamukananso, nayenso adzathawira kutauni kudzathirira maluwa a anthu owerenga timadontho.

Mupereke moni kwa alamu a Mose, kwa azakhali a Lena ngati makutu akumvabe, kwa Chisoni ndi mpongozi wanga, kwa adzukulu onse, ndi kwa iwe Enifa amene ukuwerenga. Usalumphe mzere uliwonse poopa kuti amayi ako akhumudwa. Mayi Janet akamabwerera muwapatsireko timpunga pang'ono, wa kuno sununkhira.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Ndinamva kuti Fanuel ndi mkulu wa mpingo tsopano, amavala jekete ndipo amalangiza anthu za umboni wonama. Mupite kwa iye inu ndi alamu, masana, anthu akuona. Puloti ine sindikuifuna, miyendo iyi singalowenso m'thope. Nkhuku yopepesera sindikuifuna, ndiponso asanditumizire kalata ya mawu okoma. Ndikufuna kuti tsiku logawa mapuloti aimirire pamaso pa komiti, Chisoni ali pomwepo, anene ndi pakamwa pake kuti anasuntha zikhomo, kuti anayeza pachulu, ndipo kuti Yesaya Nkhoma sanali waulesi. Akayamba zoti ndi zakale, mumuuze kuti mwana wanga akuzisenza lero. Akakana, mumuuze kuti pamaliro anga asadzatsegule Baibulo, asadzayambitse ngakhale nyimbo imodzi.

Adokotala sananene masiku, koma ndinaona mmene anatsekera kabuku kanga. Fanuel alankhule ndikadali ndi makutu.

Ndine mlongo wanu wa kutali,
Yesaya Nkhoma.