Mbale Makumi Awiri ndi Zitatu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Kadoma tilipo. Papita zaka zinayi ndi miyezi isanu chikuikireni m'manda. M'banja mwabadwa ana atatu, ndipo wamkazi tamutcha dzina lanu. Achimwene ku Sanyati thonje silinawayendere chaka chino, koma chimanga apeza matumba khumi ndi limodzi. Ine bondo lakumanzere likuvuta. Masitepe a kutchalitchi, asanu ndi awiri aja, ndimakwera mopumira kawiri.

Nkhani yeniyeni ndakhala ndikuizengereza. Ndi ya mbale zanu za galamafoni.

Zinali makumi awiri ndi zitatu. Ndinkaziwerenga Loweruka lililonse mukamazipukuta ndi kansalu kofewa. Munkati anakupatsani ndi mkazi wa mzungu wa pamgodi pobwerera kwawo. Lipenga likalira munkandikodola: "Tamvera, Esinati, oimba awa ndi machona ngati ife. Anawatengera kutsidya la nyanja, kwawo sakukudziwanso, koma taona akuvinabe." Mukatero munkavula nsapato n'kuyamba kuzungulira pasimenti, mphika ukupserera.

Mu Febuluwale denga la nyumba yanu ku Waverley linayamba kudontha kwambiri, ndipo tinagwirizana zochotsamo katundu. Bondo linandiletsa kupita, choncho ndinaimbira foni Rudo, mkazi wa mwana wanga Yohane. Ndinati, "Zina zonse mugawane kapena mutaye, koma mbale za agogo musunge bwino." Rudo ndi Mshona, koma Chichewa chathu amachimva. Anafika atasenza katoni, akumwetulira: "Amai, ndiro dzese dziripo, ngakhale imodzi sinasweke!" Nditatsegula ndinapeza mbale zodyera khumi ndi zinayi, iliyonse ataikulunga m'nyuzipepala.

Za galamafoni zija zinapita kudzala pamodzi ndi matiresi owola. M'mawa mwake ndinakwera kombi, n'kukafukula ndi ndodo yanga. Ndinatola zidutswa makumi anayi ndi chimodzi. Yathunthu panalibe.

Rudo sindinamukalipire, Amayi. Mwanayo anasunga zimene anamva. Wolakwa ndine. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinali mphunzitsi, ndikulemba mzere wofiira pansi pa mawu osamveka a ana a eni, ndiye n'kulephera kuwonjezera mawu awiri okha, "za galamafoni".

Tiyamike, mdzukulu wanga amene amaphunzitsa zojambula ku Chegutu, anabwera kudzandipepesa. Akuti nyimbo zoterozo zinatchuka ku Amereka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, chuma chitachuluka, anthu akugula magalimoto ndi mawailesi, akudzaza maholo ovinira ndi a kanema. Anandionetsa pa foni zithunzi zimene anthu akumeneko ankapenta nthawi imeneyo: nyumba zazitali zopendama, anthu ovina opanda nkhope. Pa chithunzi chimodzi ndinawerenga ovina asanu ndi anayi, ndipo wachitatu kuchokera kumanzere anapinda chigongono monga munkachitira inu. Tiyamike anati, "Gogo, pukutani misozi, nyimbo zonse zili pa foni masiku ano. Ingonditchulirani mayina."

Amayi, mayina ake ndi ati? Timapepala ta pakati pa mbale tinafufutika ndisanadziwe kuwerenga. Ine ndimadziwa mayina amene munazipatsa inu: "ya mvula", "ya sitima", "ya mzimayi wachimfine", "ya bambo ako". Tiyamike analembadi "ya bambo ako" mu foni. Tinaseka mpaka kutsokomola.

Tsopano nyimbozo zatsala m'mutu mwanga mokha, ndipo mutuwo ukudontha ngati denga lija. Mu Malichi ndinkatha kuimba khumi ndi imodzi mpaka kumapeto. Dzulo ndawerenganso, zatsala zisanu ndi zitatu. "Ya sitima" ndangotsala ndi poyambira pake.

Loweruka Tiyamike abweranso. Ndikukulonjezani kuti ndiimba zisanu ndi zitatuzo mu foni yake, iliyonse ndi dzina limene munaipatsa, ngakhale mawu anga ndi aukalamba ndipo lipenga sindilitha. Ndiyamba ndi "ya bambo ako". Mukandimva ndikusochera pakati, musaseke kwambiri, mundikumbutse.

Mbale zodyera zija ndikudyeramo. Zikadali khumi ndi zinayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati