Zikhomo Pakati pa Nyanja

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale pansi mpaka pano.

M'mawa ndinapita ku Kachulu kukafuna matemba oti ndiyanike. Nsomba kulibe, madzi athawira kutali. Pobwerera ndinadzera pamatope ouma, pomwe bwato la malemu bambo linkakocheza, ndipo ndinapeza anthu akukhoma zikhomo, chingwe atachikoka. Njedza, udzu wa m'madzi momwe nsomba zimaswana, zinali kufuka utsi. Anthuwo anaziotcha dala.

Wogwira chingwecho anali amalume, alongo awo a mayi. Amalume omwewa amene ankabwezera m'madzi nsomba yoyamba kugwidwa, n'kumati imeneyo ndi ya mizimu, eni nyanja. Anandikalipirapo ndili mwana chifukwa choimba mluzu m'bwato.

Ndinawafunsa, "Amalume, mukugawa nyanja?"

Iwo anati, "Nyanja ili kuti apa? Wopikisana pa chisankho uja wati aliyense wobwera ku misonkhano yake apeze podzala mpunga. Mpunga uli ndi mtengo, mwanawe. Mizimu sidyetsa ana."

"Nanga madzi akabwerera?"

Amalume anangoloza chikhomo cha kumapeto, chomangidwa kansalu ka chipani. "Apo ndi pako. Ndakusungira."

Ndinapita kuti ndikachizule. Ndinachigwira ndithu. Koma ana anga adya phala lokha masiku atatu, ndipo ndinangozindikira ndikuyeza malowo ndi mapazi, kuona ngati angakwane mbewu yomwe ndili nayo. Akukwana.

Chikhomocho chilipobe. Bambo akanandiona lero ndikuyeza nyanja yawo ndi mapazi...