Akuluakulu a Nkhondo Khumi pa Chinkhoswe cha Tadala

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko? Ife ku Bradford kuno tilipo, kuzizira kokhaku. Ntchito ikadali yomwe ija yosamalira okalamba. Kumudzi, chikuikireni m'manda, kwa achimwene a Yohane kwabadwa mapasa, ndipo ndamva kuti mtedza chaka chino wachita bwino.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Tadala. Wapeza mwamuna, mnyamata waulemu wa ku Zambia, ndipo chinkhoswe chili mwezi wamawa. Koma Amayi, sukulu ya mwanayu yandionetsa zakuda. Paja ku Leeds akuphunzira mbiri ya Agiriki akale. Ataona kuti azimayi a kutchalitchi akulimbirana utcheya wa komiti yokonza chinkhoswecho, anatiuza kuti mumzinda wa Atene akuluakulu a nkhondo ankasankhidwa pokweza manja, khumi chaka chilichonse, ndipo nthawi zina kunkhondo ankalamula mosinthana, wina lero, wina mawa. Azimayi anazikonda zimenezo. Tinakweza manja n'kusankha khumi, aliyense ndi tsiku lake lolamula, ine mmodzi mwa iwo, ngati mlendo pa mwana wanga yemwe.

Lolemba a Nabanda analamula kuti nsalu yathu ikhale yobiriwira. Lachiwiri a Nangozo anati yobiriwira ndi ya chipani, ikhale yofiira. Lachitatu mayi Phiri anakabweza holo yomwe tinapeza, ati ili kutali ndi basi ya kwawo. Tsiku langa lisanafike tinali tilibe holo, tilibe nsalu, koma nkhuku zitadzaza mafiriji a nyumba zitatu. Ndinalira m'basi, Amayi, osanama ayi. Mwana mmodzi yekhayu achitire chinkhoswe pamsewu, apongozi akuona?

Ndiye ndinakumbukira zomwe munkakonda kunena zija, zoti atambala awiri salira m'khola limodzi. Nanga khumi? Tsiku langa litakwana ndinalamula kamodzi kokha: zokweza manja zatha, komiti ndine. Holo ndaipezanso. Nsalu ndi yabuluu, ngati ija munandisankhira inu osandifunsa. A Nangozo mpaka lero sakundiyankha moni.

Tadala akuti Agirikiwo anali ndi dzina la munthu wolanda ulamuliro chotere, ndipo si dzina labwino. Ndamuuza kuti dzinalo ndikulidziwa kale, ndi la agogo ake, ndipo ndimawasowa tsiku lililonse.

Patsiku la chinkhoswelo, ndikukulonjezani, nthungululu ndidzaimba kawiri, yanga ndi yanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati