Tsiku Limene Mafunso Anandipeza M'khola

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo uja unasiya kuvuta? Kuno tikudzuka bwino ndithu.

Ndalemba kuti ndiulule bodza langa. Zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikukuuzani kuti ndine kalaliki pa famu ya ng'ombe. Si zoona. Ndimakama ng'ombe ndi kuwola ndowe. M'mawa ndimachoka pakhomo nditamanga taye, ndikafika ndimaikoleka pamsomali n'kuvala ovololo ndi magamubuti. Mlamu wanu yekha ndiye ankadziwa. Mwana wanga wamkazi uja, amene munamutcha Mafunso, ankanyadira kwa anzake kuti bambo ake amagwira cholembera.

Lachinayi lapitali aphunzitsi anabwera ndi ana a sitandade 3 kudzaphunzira za ulimi. Nditasuzumira pampanda ndinaona Mafunso ali patsogolo, kope lili m'manja. Ndinathawira kuseri kwa matumba a madeya, munthu wamkulu ndi ndevu zangazi.

Abwana anafuna kuonetsa ana kakamidwe ka ng'ombe. Anasankha Namwano, ng'ombe yathu ya mkaka wambiri, osadziwa kuti dzinalo sitinangoipatsa. Namwano satulutsa mkaka kwa munthu wa manja ozizira. Umayamba waviika manja m'madzi ofunda, kuitsuka bere, kenako kutsamiritsa mutu pamimba pake uku ukuing'ung'udzira kanyimbo. Abwana anangofikira kukoka, koma osatuluka ngakhale dontho. Atakokanso, inaponda chidebe n'kuchigubuduza, ana n'kufa nazo kuseka.

Apo ndinamva akundiitana mokuwa. Ndikanatani? Ndinatuluka madeya ali mbuu m'mutu, maso ali pansi. Ndinafunditsa manja, ndinakhala pa kampando kanga n'kuyamba kanyimbo kaja. Namwano anapumira m'mwamba, mkaka n'kuyamba kutsika mpaka thovu kudzaza chidebe.

Kenako mafunso anayamba kugwa ngati mvula. Wina ankafuna kudziwa ngati ng'ombe imamva kuwawa ikamakamidwa, wina ngati ng'ombe yakuda imatulutsa mkaka wakuda. Ndinayankha onse. Koma mwini dzina la Mafunso sanafunse kanthu, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa mwendo wa Namwano.

Aphunzitsi atafunsa amene angayese kukama, iye ndiye anaimika dzanja. Anatembenukira anzake n'kuwauza mokweza kuti amenewa ndi bambo ake, ndipo ng'ombe yomwe yakana abwana imamvera iwowa basi. Achimwene, misozi inalengeza. Ndinamuviika timanja take m'madzi ofunda, ndipo anakama madontho angapo. Sindinanyadirepo chomwechi chibadwire.

Titafika kunyumba anandifunsa funso limodzi lokha, loti ndimavutikiranji ndi taye pamene ng'ombe siziyang'ana za taye.

Pempho langa n'lakuti muwauze amayi zoona zake. Ndinakunamizani chifukwa munavutika kundiphunzitsa sukulu, ndiye ndinkachita manyazi. Mundikhululukire. Manyaziwo atha tsopano. Taye ija ikadali pamsomali, ndipo dzulo ndinayenda pamsewu nditavala magamubuti, Mafunso atandigwira dzanja mpaka pageti ya sukulu.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Wokama ng'ombe