Madzi a Shuga Amene Ndinamwetsa a Swaibu

Ulongwe

Alamu a Yunusu,

Salaamu aleikumu. Muli bwanji ku Nayuchiko pamodzi ndi akazi anu? Kuno ana ali bwino, amangofunsa bambo awo. Ine mtima wanga ndi wowawa, ndipo sindikubisirani.

Foni zanga simukuyankha, ndiye werengani.

Munabwera pakhomo panga, munanyamula amuna anga a Swaibu ngati thumba la chimanga, n'kukakwera nawo sitima ku Nkaya. Ankhoswe anga simunawaitane. Munauza anthu kuti ndimafuna kupha mng'ono wanu pommwetsa shuga, chikhalirecho akudwala matenda a shuga. Ine simunandifunse kanthu. Paja safunsa anadya phula.

Tsiku limene ndinawamwetsa shugalo, a Swaibu anadzibaya jakisoni wawo m'mawa. Phala lisanapse kunabwera lole ya chimanga, iwo n'kuthamangira kukatsitsa matumba kumimba kuli pululu. Pobwera anali thukuta kamukamu, manja akunjenjemera, akulankhula ngati chidakwa, munthu woti mowa sanaulawepo. Akadali okhoza kumeza, ndinasungunula shuga m'madzi n'kuwamwetsa. Posakhalitsa anandizindikira n'kupempha chakudya.

Mlongo wanu Yasmin anangoona supuni ndi shuga basi, n'kukuimbirani. Kuchipatala sanatiperekezepo, koma udokotala ndiye wamukwana.

Mverani zimene anamwino anatiphunzitsa ine ndi a Swaibu. Anati m'mimba muli kapamba, amene amatulutsa timadzi ta mitundu iwiri. Munthu akadya, tina totchedwa insulini timachotsa shuga m'magazi kuti thupi limugwiritse ntchito. Akakhala ndi njala, tinato timauza chiwindi kuti chitulutse shuga amene chinasunga. Kapamba wa a Swaibu anafooka, n'chifukwa chake insulini amachita kubaya. Koma jakisoni alibe maso. Sadziwa ngati munthu wadya kapena sanadye, amangotsitsa shuga. Shugayo akatsika kwambiri, munthu amakomoka, ndipo ena sadzukanso.

Tsopano ndamva kuti mwaletsa shuga m'nyumba mwanu, ndipo maswiti amene ndinkawaikira m'thumba la malaya munapatsa ana. Akuti chakudyanso mukuwachepetsera kuti achire msanga, koma jakisoni akubayabe monga kale. Alamu, mukuganiza kuti mukuchita chiyani?

A Swaibu ndimawadziwa. Pamaso pa akulu awo satsutsa. Adzanjenjemera ali chete, inu n'kumati akupumula.

Zonditcha mfiti ndazimva ndipo ndazimeza. Za ukwati tidzakamba ndi ankhoswe, ngati ulipobe. Chimene ndikupempha n'chochepa. Akabaya adye, asadikire. Akayamba thukuta ndi kubwebweta, amwetseni madzi a shuga nthawi yomweyo. Akakomoka musawathire kanthu m'kamwa, thamangani nawo kuchipatala. Ngati mawu a mkazi akukuchepererani, pitani nawo kwa anamwino kwanuko mukamve nokha.

Mukakana zonsezi, ndibwezereni amuna anga akuyenda ndi miyendo yawo. Koma mukadzawapeza ali gone osadzuka, musadzanditumire uthenga woti ndi chifuniro cha Mulungu. Ndidzaimirira pamaliropo n'kunena zimene ndalemba muno, anthu onse akumva.

Mundiperekere moni kwa amayi. A Swaibu muwauze kuti sindinawakwiyire. Mulungu awasunge, ndipo inu akutsekuleni makutu.

Ndine mlamu wanu,
Asiya