Mtima Wanga Unapirira, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ndine Esinati, mwana wanu wachisamba. Ndikulemba m'Chichewa cha kusukulu chija munkandiseka nacho kuti ndimamveka ngati wailesi. Mundikhululukire, Chitonga chathu sanatiphunzitse kulemba.

Patha zaka zitatu chikuikireni m'manda, ndipo nkhani zachuluka. Ndiyamba ndi yowawa kuti zokoma zibwere pambuyo. Matenda aja anakugwetsani m'munda wa chinangwa anandipeza inenso. Tsiku lina ndikukwera chitunda kuchokera kumsika, dengu la usipa lili pamutu, mtima unayamba kugunda ngati ng'oma, m'maso munada bii. Ndinatsitsimuka ndili pakhonde la sitolo, amayi ena akundikupiza ndi chitenje, usipa wonse uli mbwee mumsewu. Kuchipatala anandimanga chilamba chofufuma pamkono, adokotala nkupukusa mutu. Akuti magazi anga amathamanga kwambiri, ndipo mtima unatupa chifukwa chotopa. Ndinawafunsa kuti kodi amenewa si matenda a okalamba, ine wa zaka makumi awiri ndi zinayi zokha? Anangondipatsa mapiritsi nkundiletsa mchere.

Mchere, Amayi! Inu amene munkati ndiwo zopanda mchere ndi mwano kwa mlendo. Sabata yoyamba ndinkadya misozi ili m'masaya. Mkamwini wanu, a Chirwa, atandipezerera ndikunyambita kamchere kuseri kwa chitseko, anatenga chitini chonse nkukachisiya kwa alongo awo, nati m'nyumba muno tonse tizidya chimodzimodzi. Pano timafinyira mandimu pa nsomba yowotcha, ndipo kondowole amatsika bwinobwino. Madzinso a Chirwa amatunga okha, ndowa pamutu, masanasana. Anzawo a kudoko amawaseka kuti ndinawadyetsa kondaine. Iwo amangoyankha kuti ngati ndi choncho, kondaineyo analinso wopanda mchere.

Amayi a chipani atabwera kudzanditenga kuti ndikavine pamsonkhano, ndinangodzuka kuti ndiwatsate, poti mukudziwa kuti kumeneko sakana. Koma mayi wapampando anagwada, nadina phazi langa lotupa ndi chala, pakhungu nkutsala kadzenje. Kenako anandiika m'gulu la oimba okhala pansi. Ngakhale kugule wathu wa chilimika wa pa Chaka Chatsopano, atsikana tsopano amandinyamulira kampando, ine nkumayambitsa nyimbo. Akuti mawu ndinatengera inu.

Tsopano khalani bwino mumve. Chaka chatha ndinaima. Adokotala sanandibisire, anati mtima wotere ukhoza kulephera kusenza anthu awiri. Miyezi iwiri yomaliza anandigoneka m'chipatala. Ndinkaopa, ndisakunamizeni. Ndinafika pouza a Chirwa pamene ndinasunga zitenje zanu, kuti zikavuta adzampatse mwanayo akadzakula. Anandikalipira koyamba chikwatirane, kenako anatuluka nkukaima kuseri kwa mtengo wa mango akupukuta m'maso. Ankayesa kuti sindikuwaona pawindo.

Lachiwiri lina m'mawa, sitima ikulira padoko, mwana naye analira. Mtsikana, Amayi! Anamwino anathamangira kundimanga chilamba chija, anayang'anitsitsa, kenako anandimwetulira. Mtima wanga unapirira. Alamu anga analulutira mpaka alonda anabwera kudzawatonthoza.

Tinamutcha Jesi, dzina lanu. Mphumi ndi yanu, ngakhale tsinya lija munkamanga tikachedwa kuchitsime, iye amalimanga bere likachedwa. Ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, mano awiri apansi atuluka, ndipo dzulo waluma abusa chala pamene amamusisita tsaya. Mpingo wonse unaseka.

Munda wanu sitinausiye. Chinangwa chabereka mwakuti kaviikidwe kake katitopetsa, china tagawira anansi. Denga la khitchini likudontha, koma udzu tamweta kale. Mng'ono wanga Lusi wasankhidwa kupita kusekondale, ndipo akuyenda ngati pansi pano sakupondapo.

Sikuti ndachira. Masiku ena mutu umalemera, mpweya umaperewera, ndimangokhala pamphasa Jesi akukwawa pamiyendo panga. Zikatero ndimakumbukira mawu anu aja, akuti wothamanga amafika msanga koma za m'njira amazimva kwa anzake. Popita kwa alamu ku Chikale ndimapuma katatu, ndipo paliponse pamene ndimapumapo ndapezapo mnzanga. Wina amandisungira nthochi.

Ndakusowani kwambiri, makamaka pomusambitsa mwanayu, poti palibe wondiuza kuti ndamugwira molakwika. Koma ndikulonjezeni chinthu chimodzi. Mdzukulu wanuyu ndimulera ndekha ndi manja angawa, mpaka naye adzandiikire mwana wake pamiyendo. Choncho musafulumire kundiyalira mphasa kumeneko, Amayi. Ndichedwako ndithu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati