Zikhomo Zofiira M'mbali mwa Ngalande

Okondedwa achimwene a Noboru,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nagoya kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Kazue ndi ana. Bondo lija lasiya kuvuta? Kuno m'mawa kwayamba kuzizira. Amayi akudya pang'ono, ine ndilipo. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumandidula ndisanamalize.

Dzulo a Kuwabara, alimi a kabichi oyandikana nafe aja, akhoma zikhomo zomangidwa nsalu zofiira kuzungulira maluwa athu a m'mbali mwa ngalande. Lamlungu lino mudzi wonse utchetcha udzu pokonzekera chikondwerero cha kukachisi, ndipo chilichonse chimene chili mkati mwa zikhomozo chigwa.

Atate atamwalira ndinadzala maluwa oitana agulugufe kuti Amayi aziona kanthu ali pakhonde, poti chiwagwetsereni sitiroko sakonda kutuluka. Ndinasankha nditawerenga. Pafupi ndi nyumba ndinafesa mpiru wa maluwa achikasu. Kungalande ndinadzala fujibakama, amene amakoka agulugufe a mapiko abuluu aja odutsa kuno mu Seputembala popita kumwera.

Chaka chino mbozi zawononga kabichi wa a Kuwabara. Mbali ina akunena zoona: mpiru uja unasunga agulugufe oyera, ndipo mbozi zawo ndizo zimadya kabichi. Ndinauzula wonse tsiku lomwe anadandaula. Koma fujibakama alibe mlandu. Agulugufe ake amangomwa timadzi ta m'maluwa n'kupitiriza ulendo. Mbozi zawo zimadya zomera zoyanga za m'nkhalango, kabichi sizimukhudza n'komwe.

Ndinatenga buku n'kupita nalo kumunda kwawo. Ndinawapeza akupakira kabichi m'galimoto ndi mwana wawo, mpongozi wawo ndi aganyu awiri, ndipo ndinawawerengera tsambalo pomwepo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati zikomo aphunzitsi, koma mbozi za m'munda mwawo sizinapite kusukulu, bwanji ndilowe m'mizere ndikaziwerengere zenizakezo. Aganyu anaseka. A Kuwabara sanaseke. Anati gulugufe ndi gulugufe, ndipo m'mbali mwa ngalande si pa banja lathu la a Tsuchiya, ndi pa mudzi.

Pamenepo akulondola. Atate ankadzalapo anyezi chifukwa anthu ankawalekerera, osati chifukwa ndi pathu.

Madzulo ake akazi awo a Kuwabara anabwera kukhomo lakuseri ndi mabiringano. Akuti iwe Chizuru, mabuku onsewa, koma sudziwa kuti mdala ngati uja sumuwongola mpongozi wake akuona? Akuti mawu anga anawalowa amuna awo, anauza mwana wawo kuti afufuze pafoni, ndipo anapeza zomwezo. Koma kuzula zikhomo chifukwa mwana wamkazi wa malemu wawawerengera buku pagulu, sangatero. Akuti atabwera mwana wamwamuna woyamba wa nyumba ino, botolo la mowa wa sake lili m'manja, n'kuwerama pakhomo pawo, kupepesa za mpiru ndi kupempha maluwawo ngati chifundo, nkhani ingathe tiyi asanazizire.

Ndayesa njira zina. Kusamutsa maluwawo n'kosatheka: atsala pang'ono kumasula, ndipo akazulidwa pano afota, chaka chino sachitanso maluwa. Ndinapitanso ndekha kukapepesa. Anandilandira bwino, anandipatsa tiyi, n'kufunsa ngati a Noboru akukumbukirabe njira ya kuno. Za zikhomo sanatchule.

Tsono za Amayi. Iwo amati agulugufewo ndi Atate akubwera kudzationa. Ine sindikhulupirira zimenezo. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti chaka chatha, masabata onse amene agulugufe anali kuno, Amayi ankatenga okha ndodo n'kuyenda mpaka kungalande, pobwera n'kuitanitsa mpunga wowonjezera. Agulugufe atapita, iwo anabwerera pampando. Adokotala akuti akapanda kuyenda miyezi ino, chisanu chikadzatha sadzaimanso. Ndawanyengerera ndi zambiri kuti atuluke, ngakhale kukaona manda a Atate, amangoti mawa. Za fujibakama zokha amafunsa m'mawa uliwonse ngati wamasula.

Zikhomozo akuziona ali pakhonde. Atandifunsa ndinati ndi zokongoletsa za chikondwerero. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Ndikudziwa kuti Loweruka mumagwira ntchito, komanso kuti kuweramira a Kuwabara sikukukomerani. Inenso zimandinyansa kuti mfundo yoona ikufuna pakamwa pa mwamuna kuti imveke. Koma zimenezo tidzakangane mwezi wamawa. Sindikuti mukavomereze kuti gulugufe ndi gulugufe. Mukangowerama, mukapemphe, ndipo buku musakalitchule. Chonde achimwene, bwerani.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana, Mio ndi Riku. Agogo ake a Riku akuti adye kwambiri, pachithunzi akuoneka ngati ndodo. Ndayatsa lubani paguwa la Atate m'dzina lanu. Muyende bwino, bondolo mulisamale.

Mowa wa sake uja ndagula kale. Loweruka ndikhala pasiteshoni kuyambira masana. Lamlungu makina otchetchera adzalizidwa dzuwa likangotuluka, ndipo amayambira kumtunda kwa ngalande, kumene kuli maluwawo.

Ine mlongo wanu,
Chizuru